Chimbale ndi cha wogula, filimu ndi ya woipanga

M'maboma a m'malire a chigawo cha Tete, kuchokera ku Zóbuè kudzera ku Tsangano ndi Angónia mpaka ku Macanga ndi Chifunde, m'nyumba zambiri muli katoni kapena sutikesi yodzaza ndi zimbale za DVD zimene zangokhala osaoneredwa. Makina oonetsera zimbalezo adatha, ena adapsa ndi magetsi a jenereta, ndipo atsopano sapezeka m'masitolo monga ankapezekera kale. Koma anthu sadasiye kukonda mafilimu. Chimene chasintha ndi poonera: masiku ano filimu ikuoneredwa pafoni ya m'manja, imene imatchajidwa ndi kasola kakang'ono ka padenga ndipo imalowa m'thumba popita kudimba, kumsika kapena paulendo wa chapa. Nchifukwa chake anthu ambiri akumanyamula zimbale zawo kupita nazo kwa anyamata a makompyuta m'mabaraka, kuti akawasamutsire mafilimuwo m'timakhadi ta memoli.

Ena mwa iwo amabwerako ali okhumudwa, atauzidwa kuti chimbalecho chikukana pakuti ndi chokhoma. Ena ntchitoyo imawayendera, koma m'mawa mwake filimu yomweyo imapezeka ikugulitsidwa pamsika kwa aliyense woifuna. Zinthu ziwirizi nzofunika kuzilingalira bwino, chifukwa anthu amaziika m'dengu limodzi pamene nzosiyana. Munthu amene adagula chimbale ndi ndalama zake ayenera kuloledwa kusamutsira filimuyo m'foni yake ndi kuionera pamodzi ndi banja lake, kaya m'chimbalemo muli loko kaya mulibe. Koma chilolezo chimenechi sichifika pa kugulitsa filimu ya eni kwa anthu ena. Malamulo, akuluakulu a boma ndi anthu wamba akalephera kusiyanitsa ziwirizi, wolangidwa adzakhala wogula wachilungamo, ndipo wakuba adzapitiriza kudya thukuta la anzake.

Loko wosaoneka ndi maso

Zimbale za DVD zidayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996, ndipo ku America m'chaka cha 1997. Makampani aakulu a mafilimu a ku Hollywood adachita nacho mantha chimbale chatsopanochi. Kaseti ya vidiyo, imene anthu a kuno adaidziwira m'nyumba zoonetsera mavidiyo zomwe zidachuluka nkhondo itatha m'chaka cha 1992, idali ndi chilema chimene chinkateteza eni mafilimu: ikajambulidwa kuchokera ku inzake zithunzi zinkafooka, ndipo pofika kaseti yachitatu kapena yachinayi nkhope za anthu sizinkaonekanso bwino. DVD ilibe chilema chotere, pakuti zonse za m'menemo zidalembedwa m'manambala, ndipo nambala ngakhale itakopedwa kambirimbiri imakhala yomweyo. Tsono makampaniwo adafuna kuti m'chimbale muikidwe loko asanalole mafilimu awo kutuluka pa DVD.

Loko ameneyu dzina lake ndi CSS, ndipo adakonzedwa ndi makampani a ku Japan a Matsushita ndi Toshiba. Kagwiridwe kake ka ntchito nkotere: zithunzi za filimu zimasokonezedwa dala zisanadindidwe m'chimbale, ndipo makiyi ozilongosolera amabisidwa m'chimbale momwemo, ena mwa iwo m'kamzere ka m'kati pafupi ndi kabowo. Makina okhawo amene opanga ake adalipira chilolezo ndiwo adapatsidwa njira yowerengera makiyiwo. Munthu akangokoka mafayilo a m'chimbale chotere kuti aike pakompyuta, monga amachitira ndi zithunzi za paukwati, kompyuta imakana, kapena filimu imatuluka yodukaduka ndi ya mabangamabanga.

Pali loko wachiwiri, amene anthu a m'malire adakumana naye ngakhale samudziwa dzina. Makampaniwo adagawa dziko lapansi m'zigawo 6 kuti azitulutsa filimu pa nthawi zosiyana ndiponso pa mitengo yosiyana. America ndi Canada ali m'chigawo 1. Maiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Portugal, pamodzi ndi Japan ndi South Africa ali m'chigawo 2. Moçambique, Malawi, Zambia ndi maiko ambiri a mu Africa ali m'chigawo 5, limodzi ndi India ndi Russia. Kotero chimbale chenicheni chogulidwa ku Johannesburg, kapena chochokera ku Lisboa chokhala ndi mawu a Chipwitikizi, chikhoza kukana kusewera m'makina a chigawo 5. Chosewerera zimbale cha m'kompyuta chimalola kusintha chigawo maulendo 5 okha, kenaka chimakhazikika pa chigawo chomaliza. Chimene chidapulumutsa anthu ambiri kuno ndi makina otsika mtengo ochokera ku China, amene sankalabadira za zigawozo.

Ngakhale maloko onsewa atachoka, filimu ya DVD siikhala bwino m'foni monga ilili. Chimbale chimodzi chimanyamula magigabayiti 4.7, ndipo cha magawo awiri chimanyamula 8.5, zonse zolembedwa m'njira yakale yotchedwa MPEG-2 imene imadya malo ambiri. Mafoni amalandira bwino fayilo ya MP4, yopanikizidwa m'njira yotchedwa H.264 imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2003. Choncho ntchito yosamutsa ili pawiri: kumasula loko, kenaka kupanikiza filimu kuti ichepe. Filimu ya maola awiri ikhoza kutsika kufika pa gigabayiti imodzi kapena kucheperapo, kotero kuti kakhadi ka magigabayiti 16 kamasunga mafilimu oposa 10. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchito yopanikiza ndi HandBrake, imene ndi yaulere ndipo idayamba m'chaka cha 2003. Payokha siimasula loko, koma imadalira kachidutswa kena kotchedwa libdvdcss, kopangidwa ndi gulu la VideoLAN la ku France, lomwenso lidapanga pulogalamu yoonerera mafilimu ya VLC. Chithunzi cha DVD ya kuno sichipitirira timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, ndipo kusamutsa sikungachikometse kuposa pamenepo, koma pagalasi laling'ono la foni diso silidandaula.

Mnyamata wa ku Norway ndi makhoti

Loko wa CSS sadakhalitse. Kiyi wake adali wamfupi, wa mabiti 40 okha, pakuti malamulo a America a nthawi imeneyo ankaletsa kutumiza kunja makiyi aatali a pakompyuta. M'chaka cha 1999 mnyamata wa zaka 15 wa ku Norway, Jon Lech Johansen, pamodzi ndi anzake awiri amene maina awo sadaululike, adatulutsa pulogalamu yotchedwa DeCSS yomasula loko ameneyu. Apolisi adafika kunyumba kwawo mu Januwale 2000, ndipo mlandu udakazengedwa ku Oslo. Mu Januwale 2003 khoti lidamupeza wosalakwa, ndipo oimira boma atachita apilo, khoti la apilo lidabwereza chigamulo chomwecho mu Disembala chaka chomwecho. Mfundo ya oweruza idali yosavuta kumva: mnyamatayo adagula zimbalezo movomerezeka, ndipo munthu sangaimbidwe mlandu wothyola chinthu chake chomwe kuti aone zimene adalipira.

Dziko la America lidatsata njira ina. Lamulo lawo la 1998, lotchedwa DMCA, limaletsa kumasula loko wa mtundu uwu ngakhale womasulayo alibe cholinga chogulitsa. Mwa lamuloli, magazini yotchedwa 2600 idaletsedwa ndi khoti m'chaka cha 2000 kufalitsa DeCSS. Kampani ya 321 Studios, imene inkagulitsa pulogalamu yokoperera zimbale, idatseka m'chaka cha 2004 itagonja m'khoti. Ndipo pulogalamu ya RealDVD idaimitsidwa m'chaka cha 2009. Zaka zitatu zilizonse akuluakulu a kumeneko amaliunikanso lamuloli. Adalolako aphunzitsi ndi opanga mafilimu a zochitika zenizeni kutenga tizidutswa tatifupi, koma pempho lakuti munthu wamba azisamutsira chimbale chake m'foni adalikana m'chaka cha 2012 ndiponso cha 2015. Ku Britain boma lidaloleza anthu kukopera zinthu zimene adagula mu Okutobala 2014, koma m'chaka cha 2015 khoti lidafafaniza chilolezocho, oimba ndi makampani a nyimbo atadandaula kuti sichidawaganizire pa malipiro.

Dziko limene lidayenda mwanzeru pa nkhaniyi ndi Portugal. Kuyambira 1998 kumeneko kuli lamulo lakuti pamtengo wa zipangizo zokoperapo pazikhala kandalama kopita kwa eni nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo m'chaka cha 2015 kandalamako kadafikanso pa mafoni ndi timakhadi ta memoli. Kenaka m'chaka cha 2017 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo nambala 36/2017, lonena kuti loko asamatsekereze munthu kuchita zimene lamulo lidamulola kale, ndipo kukopera chinthu kuti munthu agwiritse ntchito payekha ndi chimodzi mwa zololedwazo. Apa mbali zonse ziwiri zidapezapo gawo: wogula adapeza ufulu, wopanga adapeza malipiro.

Amene loko wamugwira mwendo

Tsopano patha zaka zoposa 25 chithyokereni loko wa CSS, ndipo loko wolimba kwambiri amene adabwera ndi zimbale za Blu-ray m'chaka cha 2006, nayenso makiyi ake adamwazika paintaneti pofika 2007. Nkoyenera tsono kufunsa kuti loko ameneyu adaletsa yani. Akuba sadawaletse. Zimbale zimene zidadzaza misika ya m'malire m'zaka za m'ma 2000, zija zokhala ndi mafilimu 8 kapena 10 m'chimbale chimodzi, a karate, a ku India ndi a ku Nigeria, zidafika kuno zilibe loko aliyense. Wogula chimbale chakuba amachisamutsira m'foni mosavuta. Amene amakanidwa ndi mphunzitsi amene adasunga malipiro ake nagula chimbale chenicheni mumzinda wa Tete, ndi mayi amene mwana wawo adawatumizira filimu kuchokera ku Joni, ndiponso sukulu kapena mpingo umene udalandira zimbale zophunzitsira. Loko amalanga iye amene adalemekeza mwini filimu. Zili ngati munthu wagula njinga, walipira ndalama zonse, koma wogulitsa watsala ndi kiyi nalamula kuti njingayo iziyenda pamsewu umodzi wokha umene iye wasankha.

Chimbalenso sichikhala mpaka muyaya. Dzuwa limachipinda, fumbi ndi mchenga zimachikanda, ndipo zina zimaola zokha m'kati ngakhale zitasungidwa mosamala. M'chaka cha 2025 kampani ya Warner Bros. idavomereza kuti zimbale zake zambiri zopangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 zikuonongeka msanga. Kumaiko olemera malonda a zimbale akuzilala: Netflix, imene idayamba ndi kubwereketsa ma-DVD kudzera papositi m'chaka cha 1998, idasiya ntchitoyo mu Seputembala 2023. Woletsa munthu kusamutsa filimu yake akumuuza kuti angodikira mpaka chimbale chife, ndalama zake zifere limodzi.

Ena adzafunsa kuti nanga bwanji osangoonera paintaneti monga akuchitira a m'mizinda. Ofunsa choncho sadakhalepo m'mudzi umene foni imagwira pokhapokha munthu atakwera pachulu, ndipo nthawi zina imagwira ya ku Malawi m'malo mwa ya kuno. Nzoona kuti chifikireni Movitel m'chaka cha 2012, pambuyo pa mcel ndi Vodacom, mafoni afika m'midzi yambiri. Koma kuonera filimu yathunthu paintaneti kumadya mamegabayiti mazanamazana, pamwamba pa malipiro a mwezi ndi mwezi amene kawirikawiri amafuna khadi la kubanki. Ndiponso filimu ya paintaneti siikhala ya woonera, pakuti kampani ikaichotsa ndiye kuti yapita. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, yosimba za William Kamkwamba wa ku Kasungu amene adapanga makina a mphepo otulutsa magetsi, mbali yake yaikulu imalankhula Chichewa, koma idatulukira pa Netflix. Anthu amene angamve Chichewa chake popanda womasulira ndiwo ali kutali kwambiri ndi njira yovomerezeka yoionera.

Nkhaniyi siikhudza mafilimu a nkhonya okha. Ufulu utabwera m'chaka cha 1975, bungwe la Instituto Nacional de Cinema linkayendetsa magalimoto oonetsa kanema wa Kuxa Kanema m'midzi, pozindikira kuti anthu ayenera kudziona okha pakanema. Moto udaononga nyumba ya bungweli ku Maputo m'chaka cha 1991, ndipo magalimoto aja adaima kalekale. M'chaka cha 1994 Licínio Azevedo adatulutsa A Árvore dos Antepassados, filimu yotsatira banja lina la m'chigawo cha Tete pobwerera kwawo kuchokera kothawira nkhondo ku Malawi, ulendo umene mabanja ambiri a m'maboma ano adauyenda ndi miyendo yawo. M'chaka cha 2016 adatulutsanso Comboio de Sal e Açúcar, yosimba za sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Malawi nkhondo ili m'kati, anthu atanyamula mchere wokasinthanitsa ndi shuga. Ana obadwa mtendere utabwera ayenera kuona mafilimu otere, ndipo choonetsa kanema chokhacho chimene chikufika pakhomo ndi pakhomo lero ndi foni.

Chigayo ndi msika

Koma mawu ayenera kulimbanso mbali inayo. Mwini chigayo amalandira chimanga cha munthu, nachigaya, nalandira malipiro a ntchito yake, ndipo ufa wonse umabwerera kwa mwini chimanga. Imeneyi ndi ntchito yaulemu. Mnyamata wa kompyuta amene walandira chimbale cha munthu, nachisamutsira m'kakhadi ka munthu yemweyo, nalandira ndalama ya nthawi yake ndi magetsi ake, ali ngati mwini chigayo. Koma akasunga filimu ija m'kompyuta mwake nayamba kuithira m'timakhadi ta aliyense wobwera ndi meticais kapena makwacha, ndiye kuti wasiya kugaya ndipo wayamba kugulitsa ufa wa eni. Zakuti wobweretsa chimbale sadataye kanthu sizisintha mlandu, pakuti woberedwa ndi wina: ndi uja adatayirapo nthawi, ndalama ndi nzeru kuti filimuyo ipangidwe.

Anthu ena amadzitonthoza ponena kuti makampani a ku Hollywood ndi olemera, sangamve kuwawa. Mwina iwo sangazindikire nkomwe zochitika pamsika wa ku Calómuè kapena wa ku Biri-Biri. Koma kompyuta ya m'baraka siisankha. M'mene mumalowa mafilimu a ku America ndi momwenso mumalowa nyimbo za kwaya ya mpingo wapafupi, imene amayi adasonkha ndalama za kachewere ndi nyemba kuti akajambulitse. Mumalowanso masewero a achinyamata amene adabwereka kamera ndi kulipira wojambula, ndipo mungalowenso ntchito ya opanga mafilimu a kufupi kuno, monga Shemu Joyah wa ku Malawi amene adapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, kapena Mickey Fonseca wa ku Maputo amene adapanga Resgate m'chaka cha 2019. Kwaya ikagulitsa zimbale zowerengeka pamene nyimbo zake zili m'foni iliyonse m'boma lonse, siidzabwereranso kukajambula. Mudzi umene umabera oimba ake udzatsala ndi nyimbo za alendo zokha.

Otsutsa ufulu wosamutsa ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo siyofunika kuibisa. Filimu ikangolowa m'foni imodzi, imadumphira m'foni ina kudzera pa Bluetooth kapena pa mapulogalamu otumizirana mafayilo, ndipo pakutha pa mlungu mudzi wonse uli nayo. Zimenezi nzoona, ndipo palibe mfumu kapena wapolisi amene angayende khomo ndi khomo kufufuza mafoni. Koma loko wayesedwa zaka zonsezi ndipo walephera kuziletsa. Njira imene imabwezako kanthu m'thumba la wopanga ndi ija ya kandalama ka pa zipangizo. Dziko la Germany lidaiyamba m'chaka cha 1965. Dziko la Malawi, pansi pa lamulo lake la 2016, lidayamba m'chaka cha 2019 kutolera ndalama zotere pa zipangizo zosungiramo nyimbo ndi mafilimu zolowa m'dzikomo, ndipo bungwe la COSOMA limazigawa kwa eni luso. Kagawidwe ka ndalama zotere kamafuna maso ambiri, koma nkwabwino kukangana za kagawidwe kusiyana ndi kusowa chogawa.

Zoyenera kuchitika

Dziko la Moçambique lili ndi lamulo loteteza eni nzeru ndi luso. Lamulo nambala 4/2001 lidalowedwa m'malo ndi lamulo nambala 9/2022, ndiponso m'chaka cha 2013 dziko lino lidalowa m'pangano la maiko la Berne loteteza ntchito za olemba ndi aluso. Koma lamulo lolembedwa m'Chipwitikizi mu Boletim da República silifika lokha pansi pa mtengo pamene anthu a ku Domué kapena ku Furancungo amakambirana milandu. Payenera kukhala olinyamula.

Choyamba, akuluakulu oona za chikhalidwe m'chigawo chino, bungwe la eni luso la SOMAS, wailesi ya Rádio Moçambique ya ku Tete ndi mawailesi a m'madera afotokoze lamuloli m'Chichewa ndi m'Chinyungwe. Polifotokoza ndiponso poligwiritsa ntchito, asiyanitse poyera munthu wosamutsa chake ndi munthu wogulitsa cha eni. Pasapezeke wolanda foni ya mlimi chifukwa chakuti muli filimu imene chimbale chake chenicheni chili kunyumba. Kumbali inayo, wonyamula timakhadi todzaza thumba kukagulitsa kumsika, kaya wa kuno kaya wa tsidya lina la malire, adziwe kuti akuchita malonda ndi katundu wa eni.

Chachiwiri, aphungu ndi ena oyang'anira malamulo atengerepo phunziro pa njira ya Portugal, imene imamanga pamodzi ufulu wa wogula ndi malipiro a wopanga. Ndalama iliyonse yotoleredwa m'dzina la eni luso ifike kwa oimba, makwaya ndi opanga mafilimu a m'zigawo, isathere ku Maputo. Kuti zimenezi zitheke, aluso a m'maboma a m'malire nawonso ayenera kulembetsa maina awo ndi ntchito zawo kubungwe lowaimira, pakuti wogawa sangapatse munthu amene sakumudziwa.

Chachitatu, anyamata a m'mabaraka asangothamangitsidwa. Ambiri mwa iwo alibe ntchito ina, ndipo ndiwo akudziwa kompyuta m'midzi imene amisiri otere ndi osowa. Apatsidwe njira yopezera chiphaso pa mtengo woti angaukwanitse, ndipo agwirizane ndi makwaya ndi magulu a masewero kuti azigulitsa ntchito zawo mwachilolezo ndi kugawana phindu. Opanga mafilimu nawonso atsatire kumene kuli anthu. Aziika okha mafilimu awo m'mafayilo a foni, pa mtengo wa kumudzi, wolipirika kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Kutchuka kwa mafilimu akunja amene anyamata otchedwa ma-DJ amawamasulira m'Chichewa kukusonyeza kuti anthu ali ndi njala ya filimu yolankhula chilankhulo chawo, ndipo mwini filimu amene angathetse njala imeneyi sadzasowa ogula.

Chachinayi ndi cha mabanja. Zimbale za ukwati, za ubatizo, za maliro a makolo ndi za magule a pamudzi zilibe loko, ndipo zikaonongeka palibe sitolo imene ingagulitse zina. Zimenezi ndizo zoyenera kuyamba kusamutsidwa, chimbale chisanayambe kudumphadumpha, pakuti akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Zosamutsidwazo zisungidwe m'malo awiri, chifukwa kakhadi nakonso kamafa kapena kutayika pamodzi ndi foni. Wosamutsa filimu yogula anene msanga chilankhulo chimene akufuna, pakuti chimbale chimodzi chikhoza kukhala ndi mawu a zilankhulo zofika 8 ndi malemba a pansi a mitundu yofika 32, pamene fayilo ya m'foni kawirikawiri imatenga chimodzi chokha. Aimirire pomwepo mpaka fayilo yotsala m'kompyuta ya mnyamatayo ifafanizidwe, makamaka ngati ndi zithunzi za banja. Chimbale chenicheni asachitaye ndiponso asachigulitse, chifukwa ndicho umboni wakuti filimuyo adaigula, ndipo wogulitsa chimbale natsala ndi filimu m'foni wadya pawiri.

Makampani amene adakhoma zimbale adali kuganiza za msika wa ku America, wa ku Ulaya ndi wa ku Japan, ndipo mlimi wa ku Tsangano sadali m'maganizo mwawo. Anthu a m'malire sayenera kudikira kuti makampaniwo awakumbukire. Angathe kuyamba okha kusunga mwambo umene chigayo chilichonse chimausunga: wobweretsa chake atenge chake, wogaya alandire za ntchito yake, ndipo ufa wa eni usapezeke pamsika popanda mawu a eni ake.